MPANDO WA MWANA WATHU
Mau amene Mlembi wa Mvano analankhula pa tsiku la chikondwerero



Amai wapampando andiuza kuti ndifotokoze ntchito imodzi mwa ntchito zimene tagwira m'zaka zapitazi. Ntchito zilipo zambiri, zoyendera odwala, za pamaliro, zosesa m'tchalitchi. Koma ine ndasankha ya mwana wathu uja wa kutsidya kwa mtsinje, pakuti ntchito imeneyi sinathe, ndiponso tinalakwitsapo. Dzina lake sindilitchula chifukwa mau awa asindikizidwa. Mai wake wandilola kuti ndilankhule, ndipo ali pakati pathu pano.

Mwanayu anabadwa bwino lomwe m'chaka cha 2016. Anayenda, anayamba kulankhula, ankathamangitsa nkhuku pabwalo monga ana onse. M'dzinja la 2019 anadwala malungo. Usiku thupi linatentha, m'mawa mwake anayamba kukomoka. Anagona m'chipatala masiku ambiri osadziwa kanthu. Mulungu anamsunga ndi moyo, koma pobwera kunyumba khosi linali lofooka, manja ndi miyendo zitauma gwa, kulankhula kutatha. Adokotala anati ndi malungo aja olowa mu ubongo. Ubongo umatupa, ndipo mwa ana ena amene apulumuka, mbali ina ya ubongo imatsala yowonongeka.

M'mudzi munamveka zina. Ena anati walodzedwa. Ena anati bambo wake anamkhwimira kuti alemere. Bambo ameneyu amathyola tiyi pa esiteti, ndipo chuma chakecho ife mpaka lero sitinachione. Chimene tinaona n'chakuti sanathawe banja monga amachitira amuna ena zotere zikagwa pakhomo.

Tsono ndiulule tchimo langa. Mai wa mwanayu ndi mnzathu wa Mvano. Atasiya kubwera, ine mlembi ndinkangolemba m'buku kuti sanabwere, Lachinai ndi Lachinai, pafupifupi zaka zitatu. Sindinafunse chifukwa chake. Pamene tinakamuyendera m'chaka cha 2022 tinapeza mwana ali gone pamkeka m'chipinda chamdima, akuyang'ana denga. Mai wake akafuna kupita kumunda kapena kumjigo ankam'bereka kumbuyo, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Msana wake unali utayamba kale kupweteka. Tinabwerako tsiku limenelo opanda woimba nyimbo panjira.

Tinagwirizana zomgulira njinga ya olumala. Mukukumbuka mmene tinavutikira. Ena munapereka nkhuku, ena ndowa ya nandolo. Tinagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, tinakazinga mandasi ndi zitumbuwa, tinakapalira m'minda ya eni ake titamanga nsalu m'chiuno. Akulu a mpingo anatilola Pepala Sande imodzi. Gogo wina amene alibe kanthu anabwera ndi mazira atatu m'kambale. Kuchuluka kwa ndalama zonse amai msungichuma akuwerengerani ndikakhala pansi, pakuti ine ndingasokoneze.

Tili pakati pa ntchitoyi, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika kuno ku Mulanje. Za imfa ndi za minda yokokoloka sindinena, mukuzidziwa kuposa ine. Kusonkha kunaima miyezi ingapo, pakuti aliyense anali ndi maliro ake kapena khoma lake lakugwa. Titayambiranso, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya zinthu inakwera tikuona. Tinachita mantha kuti ndalama zathu zisanduka mapepala. Chotero tinafulumira. Tinamva kuti ku Limbe munthu wina akugulitsa njinga yogwiritsidwa kale ntchito, tinatuma awiri, anakagula.

Tinaipereka ndi nyimbo ndi nthungululu, titavala zoyera zathu. Koma pomukhazika mwana, amai anzanga, njingayo inali ya munthu wamkulu. Mwana anaterereka, mutu unagwera kumbali, mapazi ali lende osafika popondera. Tinamtchinga ndi mapilo ndi zitenje, osathandiza. Analira mpaka tinamchotsa. Kuwonjezera apo, kanjira ka kwawo n'kamiyala, kokwera, njinga yotere siyendamo. Palibe anatinyenga. Tinalakwa tokha chifukwa sitinafunse odziwa. Njingayo sinatayike, akuyendera gogo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi, koma mwana wathu anabwerera pamkeka.

Amene anatitsegula maso ndi mwana wa mmodzi wa ife, amene ndi namwino. Anati mwana wotere asanagulidwe kanthu ayambe waonedwa ndi a mafizo, ndiwo aja ophunzira kuwongola ziwalo. Titalandira kalata ya kuchipatala cha kuno, kumayambiriro kwa 2024 ine ndi mai wake tinanyamuka kupita ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendo umenewu ndiufotokoze, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tinadzuka kusanache. Kuchoka kumudzi kufika pamsewu tinam'bereka mosinthana. Pa Chitakale tinakwera minibasi ya ku Limbe, mwana ali pamiyendo, anthu akutipanikiza. Ku Limbe tinakweranso ina yotsikira pa Ginnery Corner. Pobwerera chimodzimodzi, ndipo tinafika kunyumba kutada. Ndalama ya ulendo umodzi wa anthu awiri, pamodzi ndi kachakudya ka panjira, banja ili silingaipeze mwezi ndi mwezi.

Kumeneko ndinaphunzira zimene sindinazidziwe ngakhale ndalera ana asanu. Mwana wouma ziwalo akamangogona, mitsempha imafupika, mawondo ndi zigongono zimapindikiratu, ndipo pamene fupa likhudza mkeka pamabuka zilonda. Ayenera kutembenuzidwa kawirikawiri, ndi kuwongoledwa manja ndi miyendo pang'onopang'ono tsiku lililonse, osakoka mwamphamvu. Kumdyetsa ali chagada n'koopsa, pakuti amatsamwa, phala limalowa m'mapapo, n'kudwala chibayo. Ayenera kudya atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono. Anatiuzanso kuti mankhwala ake oletsa kukomoka asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mpando wake uyenera kuyezedwa pa thupi lake monga telala ayezera diresi.

Anamuyeza ndi tepi, natipatsa chithunzi ndi miyeso yake. Mmisiri wa matabwa wa mumpingo mwathu muno ndiye anaupanga, ndipo analandira ya matabwa yokha. Uli ndi zotchinga m'nthiti, potsamira mutu, lamba wa m'chiuno, popondera mapazi ndi kathebulo kutsogolo. Pambuyo pake anapanganso choimiramo, kuti miyendo izisenza thupi kanthawi tsiku lililonse. Zonse ziwirizi mtengo wake sunafike pa njinga ija.

Sindikunamizani kuti mwana akuyenda. Sakuyenda, ndipo sanatilonjeze kuti adzayenda. Koma tsopano amakhala pakhonde, amaona anthu odutsa, amadya osatsamwa kawirikawiri. Khosi limaima kanthawi. Ana a Sande Sukulu atapita kukamuimbira anaseka mokweza, mai wake n'kulowa m'nyumba kukalira.

Achikulire mukukumbuka kuti kale matenda opundula ana anali poliyo. M'chaka cha 1979 kunayamba bungwe la Malawi Against Polio, limene pambuyo pake linatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, ndipo ambiri amene ankakwawa analandira ndodo ndi njinga. Kuyambira 2002 ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE kumene amachita opaleshoni ya mafupa a ana. M'chaka cha 2012 Boma linakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala, ndipo mu 2024 linabweretsa lina latsopano. Thandizo lilipo ndithu. Koma lamulo silibereka mwana kuchoka kutsidya kwa mtsinje kufika pa Chitakale. Mu Marko 2 timawerenga za wodwala manjenje amene anafika kwa Yesu chifukwa anthu anai anamnyamula. Kwathu kuno anai amenewo akusowa.

Chotero komiti yanu ikupempha izi. Tikhale ndi thumba la ulendo losatha, loponyamo mwezi uliwonse, aliyense monga angathe, pakuti a mafizo amafuna kumuona kawirikawiri. Ndiponso mwana akukula. Mpando uja wayamba kale kuthina m'chiuno, ndipo chaka chamawa tidzafuna wina. Tikupemphanso amai awiri sabata iliyonse okakhala ndi mwana theka la tsiku, kuti mai wake apite kumsika, kumunda, kapena angogona tulo. Musaope kuti simudziwa kumgwira, mai wake akuphunzitsani monga anandiphunzitsira ine. Kwa inu abambo, akulu a mpingo, masitepe a pakhomo la tchalitchi ndi anai, ndipo mpando ndi mwana pamodzi n'zolemera. Mutiwakire potsetsereka mbali imodzi. Simenti yake ife tithandizako.

Ndikudziwa kuti m'midzi yathu mwana wotere sali yekha. Chiyambire ntchito imeneyi, amai ena awiri andinong'oneza za ana awo amene sitinawaonepo. Amenewo tidzawayendera mwezi wamawa, ndipo ulendo uno tidzayamba ndi kufunsa a chipatala tisanagule kanthu.

Buku lili pathebulo pafupi ndi khomo. Potuluka mulembe dzina lanu ndi sabata imene mungathe. Amene simutha kulemba mundiuze, ndikulemberani. Sabata yoyamba ndatenga ine ndi amai msungichuma.