Mpweya wa Makanda Obanika: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka

Komiti yandipempha, poti ndine namwino, kuti ndiikepo mlomo pa ganizo logulira chipatala chaching'ono cha kunyanja kuno makina othandiza makanda kupuma. Ambiri mwa inu mwatchula CPAP. Ine ndikuti tiyambe taganiza.

Nthenda yake madokotala amati bronchiolitis. Imagwira ana osakwana zaka 2, kawirikawiri chifukwa cha kachilombo ka RSV. Tinjira ta mpweya m'mapapo timatupa n'kudzaza mamina, khanda limachita befu, nthiti zikulowa m'kati, bere n'kulikana. Penisilini sapha kachilomboka. Chosunga mwana mpaka thupi litakagonjetsa ndi okosijeni.

Njira yapafupi ndi timapaipi ta m'mphuno, lita 1 kapena 2 pa mphindi, kuchokera mu silinda kapena mu konsentireta. Konsentireta imapeta mpweya wamba uwu, umene okosijeni wake ndi magawo 21 pa 100, n'kutaya mankhusu ake. Bungwe la WHO limati mwana apatsidwe okosijeni ngati wa m'magazi mwake watsika osafika 90 pa 100, ndipo choyezera chake ndi kachipangizo kopanira ku chala.

CPAP imaposa apo. Imakankha mpweya kuti mapapo asafwafwale. Ya mtundu wa Pumani, imene a Rice University ku America anakonza pamodzi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, inayamba ntchito mu 2012 ndipo yapulumutsa makanda ambiri obadwa masiku osakwana. Zikakanika zonsezi, kwatsala makina omupumira mwana, onga a ku Mercy James Centre imene inatsegulidwa mu 2017. Koma Blantyre ndi kutali kwa mayi wa ku Chia kapena ku Dwangwa.

Tsono mverani za anansi athu a ku Salima. Kuyambira 2015 mpaka 2018 pa chipatala cha boma kumeneko anachita kafukufuku pa ana 644 odwala chibayo chachikulu, ena onyentchera, ena okhudzidwa ndi HIV. Mwa ana 100 alionse oikidwa pa CPAP anamwalira 17; mwa opatsidwa okosijeni wa timapaipi anamwalira 11. Kafukufukuyo anamuimitsa. Chibayo si bronchiolitis ayi, koma wodi yake ndi yonga zathu zomwezi, yopanda dokotala woona ana tsiku ndi tsiku. Mwana wa pa CPAP amafuna maso usana ndi usiku, chifukwa mpweya ukhoza kumutupitsa mimba, n'kusanza, masanziwo n'kupita m'mapapo. Namwino mmodzi wa usiku, amene akuzalitsanso amayi, maso otero awatenga kuti?

Pempho langa ndi lakuti ndalama zathu tigulire konsentireta imodzi, zoyezera za msinkhu wa makanda, timapaipi tosinthira, ndi mabatire a sola, pakuti magetsi akazima konsentireta imasanduka mpando. A Msungichuma atiuze ngati thumba lingakwanitse, kenaka tikweze manja.