“Kodi phungu wathu ndani?”: funso la ana a sukulu ku Tsangano ndi ku Macanga

 Mwandipatsa mphindi zochepa, choncho ndisazungulire.

Ambiri mumandidziwa ngati mlimi wa kachewere, ndipo ndi zoona, chakudya cha pakhomo panga chimachokera m'munda. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi masana ndimasiya khasu n'kupita m'masukulu kukacheza ndi ana a kalasi 6 mpaka 9 za Nyumba ya Malamulo ndi za unzika. Si ine mphunzitsi wa boma ayi. Ndi kaganyu chabe. Tilipo angapo amene tinaphunzitsidwa ntchitoyi, aphunzitsi amatibwereka ola limodzi, ndipo timalandira kangachepe kogulira mafuta a njinga yamoto ndi sopo. Ine ndimayenda kwambiri mbali ya ku Ntengo-wa-Mbalame, koma nthawi zina timasinthana ndi mnzanga wa ku Macanga, ine n'kukagona ku Furancungo.

Ndaima pano chifukwa madandaulo anu andifika. Ena mukuti tikulowetsa ana m'ndale za zipani. Ena mukuti ana ayamba mwano kunyumba. Sindikukunyozani pa mantha amenewa, makamaka titaona zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Kholo lililonse lifuna mwana wake abwere kunyumba wamoyo. Ndiye ndiloleni ndikuuzeni zimene timakamba m'kalasimo, kenaka muweruze nokha.

Sukulu iliyonse imene ndalowamo, funso loyamba limakhala limodzimodzi: “Kodi phungu wathu wa kuno ndani?” Ndipo sindidabwa. Ife a m'malire muno timamvera kwambiri mawailesi a ku Malawi, timagula ndi kugulitsa ndi anthu a ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo ambiri mwa akuluakulu muli panonu munakhalako kumeneko pothawa nkhondo, mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ku Malawi dziko analigawa m'madera ang'onoang'ono, dera lililonse ndi phungu wake mmodzi. Anthu amadziwa dzina lake, nyumba yake, ngakhale galimoto yake. Mlatho ukagwa amadziwa woti amutchule pa wailesi. Ana athu amamva zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiye amaganiza kuti kwathu kunonso zili choncho.

Kwathu kuno sizili choncho ayi. Nyumba ya Malamulo yathu, Assembleia da República, imene ili pa msewu wa 24 de Julho ku Maputo, ili ndi aphungu 250 osankhidwa kwa zaka 5. Awiri mwa iwo amaimira anzathu okhala kunja kwa dziko, mmodzi a mu Africa, wina a kumayiko ena onse. Otsalawo amasankhidwa m'zigawo. Chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, chimawerengedwa ngati dera limodzi, ndipo chili ndi mipando yoposa 20. Chipani chilichonse chimalemba mndandanda wa maina, inu mumachonga chipani, osati munthu. Chipani chikapeza theka la mavoti a m'chigawo chimatenga pafupifupi theka la mipando, ndipo amalowa ndi amene maina awo ali pamwamba pa mndandandawo. Choncho palibe phungu amene malamulo amamutcha wa Tsangano kapena wa Macanga. Angapezeke wobadwira kuno, koma mpando wake ndi wa Tete yense.

Ndikafotokoza zimenezi ana amakhala chete kaye. Tsiku lina mtsikana wina anati, “Ndiye kuti tili ndi aphungu ambiri koma tilibe ndi mmodzi yemwe?” Anzake anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa mwanayo anakhudza pachilonda. M'kuona kwanga njira yathuyi ili ndi ubwino wake: voti ya munthu amene chipani chake sichinapambane sitayika yonse, ndiponso amayi amalowa ambiri kudzera m'mindandanda. Taonani, kuyambira 2010 wotsogolera Nyumbayi wakhala mayi: a Verónica Macamo, kenaka a Esperança Bias mu 2020, kenaka a Margarida Talapa mu 2025. Koma kuipa kwake n'kwakuti phungu amayang'ana kwambiri kwa amene anamuika pa mndandanda kusiyana ndi kwa inu amene munaima pa mzere padzuwa. Awa ndi maganizo anga, a pampando. Kwa ana ndimangoika mbali zonse ziwiri patebulo.

Za zipani, m'kalasi sindivala malaya a chipani ndipo sindifunsa mwana kuti kwanu amavotera ndani. Chimene ndimalemba pa bolodi ndi manambala amene analengezedwa chisankho cha 2024 chitatha: Frelimo 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8. Ndimawauza aphatikize, apeze 250. Ndimawauzanso kuti kusintha malamulo aakulu a dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Mnyamata wina wa masamu anawerengera yekha m'kope n'kukweza mkono: “167! Ndiye kuti chipani chimodzi chingathe chokha?” Ine ndinangoti masamu ako ali bwino, khala pansi. Ngati zimenezi ndi ndale, ndiye kuti kuchotsera ndi kuphatikiza nazonso ndi ndale.

Tsono popeza phungu wa pakhomo tilibe, ntchito yanga yeniyeni ndi kuphunzitsa mwana khomo loti agogode. Si nkhani iliyonse yopita nayo ku Maputo. Denga la kalasi likasasuka, pali khonsolo ya sukulu, mmene mumakhala makolo, aphunzitsi ndi ana omwe, ngakhale kuti m'malo ambiri anawo amangokhala ngati maluwa. Za mjigo ndi msewu wa kumunda, pali mafumu, amene boma linawazindikira ndi lamulo la m'chaka cha 2000, ndiponso makhonsolo a uphungu a pa localidade, pa posto ndi pa boma, amene anabwera ndi lamulo la 2003. Akuluakulu mukukumbukira kuti ndi makhonsolo omwewa amene ankakambirana za ndalama zija za 7 miliyoni zimene zinayamba kufika m'maboma mu 2006. Bwanamkubwa wa boma, adiministradori, sitimusankha ife, amachita kuikidwa. Malamulo anali atanena kuti mu 2024 tidzayamba kusankha atsogoleri a m'maboma, koma mu 2023 aphungu anasintha ndimeyo ndipo chisankhocho sichinachitike. Ku Tete kuli nyumba ya aphungu a chigawo, imene tinayamba kusankha mu 2009, ndipo kuyambira 2019 amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana ndiye amakhala govinadori. N'chifukwa chake pa chisankho munapatsidwa mapepala atatu. Ana ambiri sadziwa chimene makolo awo anachonga pa pepala lachitatulo, ndipo ndikukayika ngati tonse muno tikudziwa.

Pamwamba pa zonsezi pali ndime 79 ya malamulo aakulu a dziko, imene imapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka pempho kapena dandaulo kwa olamulira. Ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti yakeyake yolandira madandaulo otere. Ndimeyo sinena kuti wodandaula akhale wophunzira kapena wa chipani chakuti. Imati nzika.

Mawu akuti nzikawa amavutanso kuno kumalire. Mwana amene mayi ake ndi a ku Ntcheu, bambo ake a ku Biri-biri, amandifunsa kuti iye ngwa kuti. Yankho lilipo: wobadwira m'Moçambique, amene bambo kapena mayi ake anabadwiranso m'dziko muno, ndi nzika ya Moçambique. Koma popanda kalata ya kubadwa, unzikawo uli pakamwa pokha, ndipo tsiku lofuna bilyeti kapena kulemba mayeso ndi pamene mavuto amayamba. Makolo, kalembetseni ana.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mwano, chifukwa ndikudziwa pamene inayambira. Inayamba titaphunzira lamulo nambala 19 la chaka cha 2019, loletsa maukwati a ana. Ndimakonda kuphunzitsa lamulo limeneli chifukwa ndi limene limaonetsa mwana kuti zokambidwa ku Maputo zimafika mpaka pa mkeka wa kwawo. Lamulo la mabanja la 2004 linkati ukwati ndi zaka 18, koma linasiya kakhomo: makolo akavomera, mwana wa zaka 16 ankatha kukwatiwa. Pa kakhomo kameneka panadutsa ana ambiri. Kafukufuku wa boma wa 2011 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, 48 pa 100 aliwonse analowa m'banja asanafike zaka 18. Mabungwe a amayi ndi a ana anagogoda kwa zaka zambiri, aphungu anakambirana, mu Julaye 2019 anavomereza, Pulezidenti anasaina, ndipo mu Okutobala lamulo linasindikizidwa mu Boletim da República. Imeneyo ndiyo njira ya lamulo lililonse, ndipo ana amaigwira msanga akaiona pa nkhani imene akuidziwa. Lero munthu wamkulu wokwatira mwana angathe kulowa m'ndende zaka 8 mpaka 12. Ngakhale chitomero chokha ndi mlandu. Kholo lopereka mwana, ankhoswe, mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo wodalitsa ukwati wotere, onsewa lamulo silinawasiye. Anzathu a ku Malawi anatseka kakhomo kawo mu 2017, ndipo mbiri ya mfumu yaikazi ya ku Dedza, a Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana ambirimbiri, tonse tinaimva pa wailesi. Choncho palibe kothawira poti tikamangitsire ukwatiwo kutsidya.

Palinso china chimene makolo ambiri sanamve. Kuyambira 2003 panali chilamulo cha unduna wa maphunziro chakuti mtsikana akatenga pakati achoke m'kalasi ya masana azikaphunzira usiku. Kumudzi kuno kopanda magetsi, sukulu ya usiku ili kuti? Kunali kumuchotsa sukulu basi. Chilamulo chimenecho chinathetsedwa mu Disembala 2018. M'chaka chomwecho aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano la maphunziro lonena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9.

Ndiye mtsikana wa zaka 15 wamva zonsezi Lachinayi masana. Loweruka amalume ake abwera ndi nkhani yakuti kuli mwamuna wa fodya wambiri, wagulitsa bwino chaka chino, akufuna mkazi. Mwanayo wagwada bwinobwino n'kunena kuti, “Amalume, lamulo likukana, ine ndikufuna nditsirize sukulu.” Kodi pamenepa mwano uli pati? Ine ndikuona mwana amene wapulumutsa amalume ake ku ndende. Ndikuvomera kuti alipo ana ena amene amayankha mokweza mawu, ndipo amenewo timawadzudzula, pakuti ulemu ndi mbali ya phunziro lomweli. Ndimawauza kuti ku Nyumba ya Malamulo munthu sayankhula asanapatsidwe mpata ndi wapampando. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri: kayankhulidwe koipa n'kwina, kukana chinthu choletsedwa n'kwinanso. Ndimawapatsanso nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, yoimba ulere mwana akakhala pa vuto. Zimenezi sindibisa, ndipo ndikuzinena pano kuti mumve kuchokera pakamwa panga.

Chimene ana amakonda koposa ndi tsiku lochita nyumba ya malamulo yawoyawo. Timatembenuza madesiki kuti ayang'anizane, pamene palibe madesiki timakhala pansi pa mtengo, amasankha wapampando ndi mlembi, n'kutenga nkhani ya pa sukulu pomwepo. Pa sukulu ina anakambirana ngati wochedwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye azilandira chilango chofanana ndi wochedwa m'chilimwe. Inu a ku Macanga mukudziwa chisanu, koma cha kuno ku Tsangano ndi china. Anakangana ola lathunthu. Okhala kutali anati ayi, okhala pafupi anati lamulo ndi limodzi. Pomaliza wina anabweretsa ganizo lapakati, lakuti belu lichedweko pang'ono m'miyezi iwiriyo, anavota, n'kulemba kalata yopita ku khonsolo ya sukulu. Amene anagonja anakwiya, koma mawa lake anabwera kusukulu ndipo anasewera mpira limodzi ndi opambanawo.

Ndaonanso kuti tikayamba m'Chiputukezi amayankhula ndi ana atatu kapena anayi okha, omwewomwewo. Tikatembenukira ku Chinyanja manja amakwera kalasi yonse, ngakhale atsikana a kumbuyo aja. Aphungu ku Maputo amakambirana m'Chiputukezi, pakuti ndicho chiyankhulo cha boma, koma ndime 9 ya malamulo aakulu imalemekezanso ziyankhulo zathu, ndipo paja kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, m'zaka za 1993 mpaka 1997, kunachitika ndi Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Ndiye ine ndimayamba ndi chathu, mawu a Chiputukeziwo n'kumawapatsa pambuyo kuti akawamva pa wailesi asasochere.

Pempho langa kwa makalabu ndi ili. Ola limodzi pa sabata silikwanira, ndipo nyengo yokumba kachewere kapena yosankha fodya theka la kalasi silioneka. Inu muli ndi wailesi ndiponso mumakumana kale. Kalabu iliyonse itenge ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, adzakhale nanu pomvera pologalamu, ndipo mafunso awo muwalembe pamodzi ndi anu potumiza ku wailesi. Tipemphenso a wailesi kuti aphungu a chigawo cha Tete akamayendera maboma nthawi imene Nyumba ili pa tchuthi, mmodzi adzakhale mu situdiyo ayankhe mafunso amenewo m'Chinyanja. Ndipo kholo lililonse lokayika, Lachiwiri kapena Lachinayi bwerani mudzakhale kumbuyo kwa kalasi. Mpando tidzakupezerani.