Mwana wojambula si waulesi

Awa ndi mawu amene membala wa gulu lathu lomvera wailesi la ku Cassacatiza, mlimi wa chimanga ndi fodya, adayankhula pa msonkhano wa pamwezi. Tawalemba monga momwe adawayankhulira.

 Ine ndine mlimi, sukulu ndidalekezera ku pulayimale, ndiye musayembekeze Chipwitikizi chozama. Ndiyankhula Chinyanja chathu chomwechi.

Mutu umene gulu lidandipatsa ndi wa maphunziro a zaluso ku sekondale: kujambula, kuumba, kusema ndi kuluka. Ndikhudzanso zionetsero za ntchito za ana asukulu, ndi thandizo la maphunziro lija timati bolsa. Ena anena kuti nanga za kujambula zikutikhudza bwanji ife anthu a khasu? Zikutikhudza, abale anga, chifukwa ana amenewa ali m'nyumba zathu. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana amene amajambula lole kumbuyo kwa kaderno, kapena amaumba ng'ombe yadothi yoti ukaiona umachita kudabwa. Ndipo nthawi zambiri chimene amalandira kwa ife ndi mkalipo: ukutha mapepala, dzuka ukathirire nazale. Mfundo yanga lero ndi imodzi basi. Mwana ameneyu si waulesi, ali ndi njira yake, ndipo njirayo imatsekedwa kapena kutsegulidwa pakhomo pathu pomwe, boma lisanafikepo n'komwe.

Ndiyambe ndi funso ili: kodi luso limeneli n'lachilendo kwa ife? Iyayi. Ku Chifumbazi, kumpoto kwa chigawo chathu cha Tete, kuli miyala yomwe anthu akale adajambulapo, ndipo akatswiri a mbiri yakale amadziwa dzina limeneli. Ku Malawi, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira amati n'za Akafula, zoyera zambiri n'za makolo athu Achewa, ndipo zina adajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana pa chinamwali. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Chaka cha 2005 bungwe lomwelo lidali litalemekeza Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia. Za kudambwe sindilowako, pano pali ana ndi alendo, koma amene mudawolokapo pa Chanida kupita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, mudaona nokha kuti maso ndi manja a anthu athu si ogona. Onjezanipo mitsuko ndi nkhali za agogo athu, malichero, mphasa, mitondo, ndi makoma amene amayi amakongoletsa ndi dothi loyera ndi lofiira mvula ikatha. Ndiye mwana akagwira pensulo n'kuyamba kujambula, akungopitiriza za kwawo.

Tsopano za kusukulu. Ku pulayimale kuli phunziro lija amati Educação Visual e Ofícios, ndipo ku sekondale Educação Visual imapitirira. Si nthawi yopuma ayi, ndi phunziro lokhala ndi malikisi ake ngati Masamu. Paja lamulo la maphunziro la 2018 lidati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 idasamukira ku sekondale. M'makalasi omaliza a sekondale ana amasankha gulu: ena za zilankhulo ndi mbiri, ena sayansi yokhala ndi Biologia, ena sayansi yokhala ndi Desenho, kutanthauza kujambula koyeza ndi rula ndi kampasi. Apa mpamene ana athu ambiri amataikira. Amangotsata komwe kwapita mnzawo, kapena komwe kwatsala malo, kholo osadziwa kanthu. Pamene amene akufuna kudzaphunzira zolemba mapulani a nyumba ku Universidade Eduardo Mondlane, mayeso olowera amafunsa Masamu ndi Desenho. Safunsa adadya phula. Mwana akafika kalasi 8 kapena 9, pitani kwa aphunzitsi mukafunse kuti magulu amenewa alipo pa sukulu iti, ndipo wanuyo akuyenera liti.

Wina afunsa kuti kodi zojambulazo adzadya? Tayang'anani pa msika wathu pompa. Zikwangwani za magolosale, za ometa tsitsi ndi za mabala amalemba ndani, ndipo amalemba ulere? Kalipentala wosadziwa kujambula mpando asanadule thabwa amaononga matabwa. Mmisiri womanga amene amatha kuwerenga pulani ndiye amakhala kapitawo, anzake n'kumaponda matope. Telala amajambula asanadule nsalu. Zithunzi za m'mabuku a ana athu, maluwa a pa kapulana, zikalata za katemera zomatidwa ku chipatala, zonsezi pali munthu amene adazijambula ndipo adalipidwa. Ngakhale mphunzitsi wa Educação Visual amalandira malipiro mwezi ukatha. Sindikunena kuti aliyense wojambula adzalemera. Ndikunena kuti ndi ntchito, monga ulimi ndi ntchito.

Ndikupatseni zitsanzo ziwiri za anthu a dziko lathu lino. Woyamba ndi Malangatana Valente Ngwenya. Adabadwa mu 1936 ku Matalana, ku Marracuene, ndipo ali mwana ankaweta ziweto ngati ana athuwa. Atapita ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, ankatola mipira pa bwalo la tenesi, usiku n'kumaphunzira. Anthu ena adaona zojambula zake. Katswiri wina wolemba mapulani a nyumba, Pancho Guedes, adamupatsa galaja yake kuti azijambuliramo ndipo ankamugula zithunzi. Mu 1961 adachita chionetsero chake choyamba payekha. Mu 1964 apolisi a atsamunda a PIDE adamumanga, nakhala m'ndende miyezi 18. Bolsa idabwera mu 1971 kuchokera ku bungwe la Gulbenkian, napita kukaphunzira ku Lisboa. Mu 1997 UNESCO idamupatsa ulemu wa mmisiri wa mtendere, ndipo adamwalira mu 2011 dzina lake likudziwika maiko ambiri. Taonani ndondomeko yake: kudayamba kujambula, kenako anthu adaona, bolsa idabwera pambuyo. Bolsa siisaka luso lobisika m'thumba la fetereza.

Wachiwiri ndi mayi, kuti atsikana amve. Reinata Sadimba adabadwa mu 1945 kudera la Mueda, ku Cabo Delgado. Kuumba adaphunzira kwa mayi ake, miphika ndi mitsuko yomweyi. Kenako adayamba kuumba anthu ndi zinthu za m'mutu mwake, pamene kwa Amakonde zifanizo inali ntchito ya amuna. Zoumba zake zaonetsedwa ku Maputo ndi ku Ulaya komwe. Dothi lake silosiyana ndi la ku dambo kwathu kuno.

Tibwere pa bolsa, ndipo apa ndinene zoona zokhazokha kuti tisanamize ana. Sukulu zazikulu za zaluso zili kutali. Escola Nacional de Artes Visuais ili ku Maputo, Instituto Superior de Artes e Cultura ili ku Matola. Kuchoka pano kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 250, kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo oposa 1,500. Thiransipoti, malo ogona ndi chakudya, mlimi wa mabelo ochepa sangakwanitse yekha. Boma lili ndi ofesi yoona za thandizoli, Instituto de Bolsas de Estudo, yomwe imalengeza mipata ya m'dziko muno ndi yakunja. Koma mipatayo ndi yochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo amapikisana ndi ana a m'tauni amene ali ndi intaneti m'manja. Chilengezo chimakhala ndi tsiku lotsekera. Chikafika kuno mochedwa, basi chapita.

Ndiye pali zinthu zitatu zoti mwana akhale nazo chilengezo chisanatuluke. Choyamba ndi mapepala: kulembetsa kubadwa kwake ku Registo Civil, chitupa cha BI, ndi masatifiketi a sukulu. Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Mwana wina adabadwira ku chipatala cha ku Zambia, wina adayamba sukulu tsidya lija n'kudzapitiriza kuno, wina dzina pa sedula lidalembedwa mwina, pa satifiketi mwina. Chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kumubweza mwana pa khomo la ofesi. Konzani zimenezi akadali kalasi 7, osadikira kalasi 12. Chachiwiri ndi malikisi. Opereka bolsa amayang'ana maphunziro onse, ndiye mwana wojambula bwino koma Chipwitikizi ndi Masamu ali pansi pa 10 pa 20, sapita patali. Achinyamata mwamva? Pensulo yojambulira isakuiwalitseni kaderno ya Masamu. Chachitatu ndi kusunga ntchito zake. Zojambula zisathere kukulunga usipa kapena kupichira fodya. Pezani katoni, ikani pouma, mwana alembe dzina ndi tsiku kumbuyo kwa chilichonse. Zoumba ndi zosema zijambulidwe pa foni. Tsiku lina wina adzati tione zimene umachita, ndipo mwana asadzangoti ndinkajambula kale.

Chenjezo limodzi. Bolsa sagula. Mukalandira uthenga pa foni woti mwana wanu wasankhidwa, tumizani ndalama mwachangu kuti malo asapite, ameneyo ndi wakuba. Tengani uthengawo mukaonetse a direkitala a sukulu kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma la Chifunde musanatulutse ngakhale metikali imodzi.

Nanga chionetsero tingachipeze kuti? Dziko lathu lili ndi Festival Nacional da Cultura, chikondwerero chomwe chimayambira m'maboma, kupita ku chigawo, mpaka dziko lonse. Mu 2018 chidachitikira ku Lichinga, mu 2025 chidabwera ku Tete. Kumeneko sikupita magule okha, zosema, zoumba ndi zojambula zimapitanso. Koma osankha a ku boma sangatenge mwana amene ngakhale mudzi wake sudziwa kuti amajambula. Tsidya la Malawi, ku Mua, bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a m'midzi yozungulira adaphunzira kusema n'kumagulitsa kwa alendo. Chidayamba ndi malo oti ntchito ioneke. M'mera mpoyamba.

Choncho ndikupempha gulu lathu kuti tikambirane mfundo izi, ndipo alembi azilembe.

Yoyamba: titume anthu atatu, mwa iwo mayi mmodzi, akakumane ndi akuluakulu a sukulu ndi komiti ya makolo, tipemphe chionetsero cha ana kamodzi pachaka. Ine ndikuganiza za 1 Juni, Tsiku la Ana. Mvula imakhala itatha, anthu ayamba kugulitsa zokolola, ndipo madalaivala a malole amakhala ali pa mzere pa chipata kudikira mapepala. Amenewo ndi oonerera, mwinanso ogula.

Yachiwiri: zipangizo tisadikire za ku Maputo. Dothi tili nalo, makala alipo, nsungwi, mlaza, mawaya, makatoni a m'magolosale ndi mapepala a matumba a simenti. Chingwe ndi zopanira zovala zikwanira kupachika zithunzi m'kalasi. Aliyense wa ife akapereka mtengo wa botolo limodzi la chakumwa, mapensulo amitundu apezeka.

Yachitatu: tiitane amisiri a m'midzi, agogo oumba mbiya, osema mitondo, oluka malichero, adzakhale pamodzi ndi aphunzitsi poweruza ndi pophunzitsa. Mafumu athu, apa tikudalira inu.

Yachinayi: tipemphe wailesi yathu kuti itchule maina a ana amene achita bwino, komanso kuti chilengezo chilichonse cha bolsa kapena cha mayeso olowera sukulu chiziwerengedwa m'Chinyanja, kangapo, tsiku lotsekera lisanafike. Ife tikamva, tizifikitsa ku mipingo ndi kumisonkhano ya m'midzi.

Yachisanu ikukhudza ife makolo, ndipo ndi yowawa. Nthawi yothyola, yosoka ndi yosankha fodya, makalasi amachepa ana chifukwa ali m'zigafa. Anyamata ena amathera pa chipata kusintha makwacha ndi kunyamula katundu. Atsikana ena amalowa m'banja asanathe kalasi 9, chonsecho lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Ndikudziwa kuti aganyu ndi odula, inenso ndimalima. Koma mwana amene wajomba miyezi iwiri sangapikisane ndi wa ku Tete kapena ku Beira, kaya ali ndi luso lotani. Tigwirizane kuti ntchito ya kumunda ana azithandiza akaweruka ndi Loweruka, osati nthawi ya kalasi.

Mwina pa ana khumi amene adzaonetse ntchito zawo, wopita ku Maputo adzakhala mmodzi, mwinanso chaka choyamba sipadzakhala ndi mmodzi yemwe. Enawo adzakhala akalipentala, atelala, olemba zikwangwani ndi amisiri abwino a kuno komwe, ndipo ndalama zimene timapereka kwa amisiri ochokera kutali zizitsala m'mudzi. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndasiyira gulu kuti lionjezere kapena kuchotsera. Chomwe ndikupempha n'chakuti tisabalalike lero tisanasankhe anthu atatu aja ndi tsiku loti apite kusukulu.