DZINA LA MWANA M'BUKU LA CITHANDIZO

Kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa Harare kuli dera la Willowvale, kumene kampani ya Ford inatsegula nyumba yomangira magalimoto m'caka ca 1961. Pafupi napo pali midzi ya Highfield, Glen Norah ndi Glen View, ndipo pakati pa eni nyumba a kumeneko pali adzukulu a anthu amene anacoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kudzafuna nchito. Nchito za m'mafakitale zacepa, ndipo mabanja ambiri tsopano adalira malonda a pamsika. Ndarama ya sukulu ikasowa m'nyumba yotere, woyamba kubvutika ndiye mwana.

M'caka ca 2001 Boma la Zimbabwe linakhazikitsa cithandizo cochedwa BEAM. Nchito yace ndiyo kulipirira ana osowa ndarama za sukulu ndi za mayeso, ku pulaimale ndi ku sekondale komwe. Oyenera kuthandizidwa ndiwo ana amasiye, ana olumala, ana amene analeka sukulu cifukwa ca umphawi, ndi ana a m'nyumba zimene wozisamala ali mwana mnzao kapena munthu wodwala nthawi yaitali. Ndaramazo siziperekedwa m'manja mwa kholo ai. Zipita ku sukulu kumene mwanayo aphunzira.

Koma apa ndipo pagona nkhani. Boma silidziwa lokha mwana amene wagona ndi njala. Maina asankhidwa ndi komiti ya anthu a m'dera lomwelo, ndipo mwana amene dzina lace silinaperekedwe sawerengedwa, ngakhale umphawi wace uoneke kwa ali yense. Makolo ena acita manyazi kuchedwa osauka pamaso pa anansi ao. Agogo ena olera adzukulu sanamve konse kuti cithandizo cilipo. Akulu anati, safunsa anadya phula; ndipo anzao a Cishona amati mwana wosalira amafera m'mbereko.

Bvuto lina likhudza makamaka mabanja ocokera ku maiko a cigwirizano. Ana ambiri alibe kalata ya kubadwa, popeza makolo ao analembedwa ngati alendo. Malamulo akulu a dziko a 2013 anena kuti munthu amene anali atabadwira kale m'Zimbabwe ndi kukhala momwemo, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC, ali nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Cifukwa cace kholo lotere liyenera kukakonza makalata ace ku ofesi ya kalembera, kuti a mwana apezeke nthawi ya mayeso a Giredi 7 isanafike.

Cakudya ca pa sukulu ciyenda m'njira yace. Boma la Zimbabwe linayamba kudyetsa ana a makalasi oyamba m'caka ca cilala ca 2016. Ku Malawi bungwe la Mary's Meals linayamba kuphika phala m'caka ca 2002, ndipo pambuyo pace linafika kum'mawa kwa Zambia. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti mbale ya phala isunga mwana m'kalasi, koma phala sililipira mayeso. Zonse ziwiri zifunika. Ku England nako, kuyambira 2011, sukulu ilandira ndarama zoonjezera pa mwana ali yense wolembedwa kuti adye cakudya caulere. Kumenekonso kholo likapanda kulembetsa, sukulu yonse itaya.

Coonadi ciyenera kunenedwa. Zaka zambiri ndarama za BEAM zafika mocedwa, ndipo masukulu asauka nazo posowa mabuku ndi coko. Komabe lamulo la maphunziro lokonzedwa m'caka ca 2020 liletsa kucotsa mwana pa sukulu cifukwa ca kusalipira. Ngongole ya mwana wolembedwa iri ya Boma. Ya mwana wosalembedwa itsalira agogo ace.

Motero kholo, agogo kapena mbale wolera mwana apite kwa mphunzitsi wamkulu caka cisanathe, afunse tsiku limene komiti idzakhala, natenge makalata onse amene ali nao, pamodzi ndi kalata ya imfa ngati mwanayo ali wamasiye. Mnansi wodziwa kuwerenga aperekeze nkhalamba yosadziwa. Ulendo wa mmawa umodzi ukhoza kusunga mwana pa sukulu caka cathunthu.