Mtunda umene timayenda, pali amene anaujambula

Tiyambe ndi funso: sabata yathayi, thiransipoti yakudyerani zingati? Kabaza, minibasi, matola, phatikizani zonse. Ndiye taganizirani mnzathu woyembekezera wa m'midzi ya ku Kande. Sikelo kwina, chigayo kwina, kopikula usipa kwina, sekondale ya mwana wake kwinanso. Tsiku lonse limathera panjira, phindu la geni limathera kwa a kabaza.

Mtunda umenewu sunagwe ngati mvula ayi. Unabadwa tsiku lomwe anthu ena anagawa malo, ife kulibe.

Taonani mmene boma la Nkhata Bay linakhalira. Kumadzulo mapiri, kum'mawa nyanja, pakati kadera kopanikizika momwe mwadutsa msewu wa M5. Pa makilomita pafupifupi 40 ochokera pa boma kufika ku Chintheche, malo aakulu ndi esiteti ya rabara ya Vizara. Magombe abwino a Chintheche ndi Kande kwadzaza maloji. Otsalafe timangomanga motsata msewu ngati mkanda, kapena kukwera m'mapiri. Nanga ku Usisya? Msewu wochokera ku Mzuzu ndi wotsetsereka, dzinja umavuta zedi, moti ambiri amadalira maboti ndi sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanjapa mu 1951.

Akatswiri a mapulani ali ndi njira yomwe ifenso tiyenera kuidziwa. Asanagawe malo, amajambula zithunzi zingapo za tsogolo n'kuziyerekeza. Tiyeni tiyese za 2040.

Chithunzi choyamba: tangozisiya mmene zililimu. Aliyense akumanga pomwe wapeza ploti yotchipa, ndipo chilichonse chikufuna kukwera galimoto.

Chachiwiri: Mpamba, Chintheche ndi Kande akula ngati timatauni tokwanira patokha. Msika, chipatala, sukulu, chigayo ndi madzi zili poti munthu n'kufika wapansi, nyumba zatsopano zazungulira pomwepo, ndipo m'mbali mwa M5 muli njira ya njinga ndi ya oyenda pansi.

Chachitatu: zonse za chachiwirizo, kuonjezapo nyanja ngati msewu weniweni, Usisya ali ndi doko labwino ndi boti lodziwika tsiku ndi nthawi yake.

Kenako amawerengera: pa chithunzi chilichonse anthu aziyenda makilomita angati, mafuta malita angati, utsi wochuluka bwanji. Ife tikuti aonjezepo mzere wina: maola angati a mayi, komanso mtsikana wa sekondale aziyenda mumdima kangati.

Wina anena kuti aaa, za utsi wa magalimoto n'za kwa azungu. Zoona, utsi wa Malawi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa America kapena China. Koma petulo ndi dizilo yense timagula kunja ndi ndalama zakunja. Mizere ya pa filling station tonse tinagonapo, eti? Mafuta akasowa, kabaza amakwera mtengo tsiku lomwelo, ndipo woyamba kusiya ulendo wa kuchipatala ndi mayi. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'maloji a m'mphepete mwake. Pulani yofupikitsa maulendo ndi yomweyo imene inganene pomwe sipayenera kumangidwa.

Nthawi yake ndi ino. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani, midzi yomwe. Pa masomphenya a Malawi 2063, Nkhata Bay ndi amodzi mwa malo 8 osankhidwa kuti akule kukhala mizinda. Ndipo Customary Land Act ya 2016 imati komiti ya malo kwa gulupu ikhale ndi anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Mipando ilipo. Funso n'lakuti akhalapo ndani, ndipo akuyankhula kapena angokhala okwaniritsa nambala?

Tidziuzenso zoona ife a ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Tikagwira kandalama timathamangira kwathu kukagula ploti kutali ndi chilichonse, n'kusiya amayi athu kumeneko. Chithunzi choyamba chija tikuchijambula ndife.

Ndiye tikachoka pano, aliyense aimbe foni kumudzi: mu komiti ya malo ndi mu VDC muli amayi ati? Apite kwa khansala akafunse pulani ya chitukuko ya khonsolo. Ndipo kulikonse kumene akusankha malo a msika, sukulu kapena chipatala, pakhale mmodzi wa ife woimirira n'kufunsa kuti: mayi wobereka mwana kumbuyo afika pamenepo wapansi?

Chipatala chikamangidwa sichisamuka, asisi. Madzi akatayika saoleka. Tiyankhule njerwa yoyamba isanayalidwe.