Mau a Mlembi wa Nthambi pa za Njinga Zoikidwa Mota ya Magetsi

 Komiti inandituma kufufuza za njinga zakapalasa zimene ena ayamba kuziika mota ya magetsi, ndipo lero ndabwera kudzatula zimene ndapeza.

Ndinene poyera kuti chipangizochi sindidana nacho iai. Ali yense amene anakwezapo thumba la chimanga pa chitunda, kapena kunyamula wodwala kunka naye ku Nguludi, adziwa kuti dziko lathu la Chiradzulu silichitira chifundo miyendo ya munthu. Mbale wathu wa ku Joni akatumiza gudumu la mota, batire ndi kabokosi kolamulira mphamvu, tiyenera kuyamika. Koma njinga zathuzi anazipanga kuti ziyende ndi mphamvu ya nsima, ndipo pozipatsa mphamvu yina tiyenera kuona ngati zitsulo zake zingapirire.

Lolani mphunzitsi achite masamu pang'ono. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse njinga uwirikiza kanai. Ngati njinga iima pa mamita 3 pothamanga makilomita 15 pa ola, pa makilomita 30 ifuna mamita 12. Tsono ganizani mwabereka mai ndi khanda lake, mvula yanyowetsa malimu, ndipo mwatulukira pa mseu wa Zomba pa Njuli pamene lole ikudza. Mabuleki a ndodo a Humber kapena Phoenix sagwira bwino limu lonyowa. Inu a Buffalo mverani: buleki yanu iri m'gudumu la pambuyo, igwira mukabweza mapedulo. Mukachotsa gudumulo ndi kuikapo la mota, mwachotsa buleki pamodzi. Mota ikakhala kutsogolo, ipotokola foloko pamene pagwira ekiselo, ndipo popanda kachitsulo kolimbitsira pamenepo gudumu litha kutuluka muli pa liwiro.

Ku Ulaya anaika malire. Njinga yotere iwerengedwa yakapalasa ngati mota yake siposa mawati 250, ithandiza pamene mwini akupalasa, ndipo ileka kukankha pofika makilomita 25 pa ola. Ku Britain awonjeza kuti wokwera akhale wa zaka 14 kunka m'tsogolo. Yopyola pamenepo aiyesa njinga yamoto. Kwathu kuno, pa lamulo la pamseu la 1997, njinga yamoto ifuna kulembetsa, laisensi, inshuwalansi ndi chisoti. Maganizo anga ndi akuti chinthu choyenda chokha osapalasa, chopikisana ndi minibasi, ndi njinga yamoto ndithu ngakhale chiri ndi mapedulo, ndipo mwini wake apite ku ofesi ya Road Traffic asanayambe kunyamula anthu. Ngozi ikachitika popanda inshuwalansi, adzalipira chipatala ndani?

Koma chimene chindisowetsa tulo ndi batire. Mabatire amenewa ndi a lithium, ofanana ndi a m'foni, koma akulu kwambiri. Akaphwanyika, akalowa madzi, kapena akatchajidwa ndi tchaja yosayenera, ayaka mwadzidzidzi ndi utsi wakupha, ndipo ndowa imodzi ya madzi siizimitsa moto wake. Mu 2023 anthu atatu anafa ku London ndi moto wa mtundu umenewu, ndipo ozimitsa moto a kumeneko achenjeza makamaka za njinga zimene anthu anazisandutsa okha ndi zipangizo zogula mwapadera. Kumeneko galimoto lozimitsa moto liri pafupi. Nanga ife a ku Namitambo ndi Mbulumbuzi, m'nyumba za udzu, ana atagona pa mphasa ndi njinga itatsamira pa chitseko?

Sabata latha mnyamata wina anandionetsa batire lake litatupa ngati chitumbuwa. Tchaja yake inatayika, nabwereka ya mnzake chifukwa pulagi inalowa. Kulowa kwa pulagi si umboni. Batire la mavoti 36 lifuna tchaja yotulutsa 42; la 48 lifuna ya 54.6. Manambalawa analembedwa pa tchaja pomwepo, ndipo amene maso abvuta abwere nayo kusukulu ndimuwerengere. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha kwambiri lichoke m'nyumba tsiku lomwelo. Tchajani masana, pa simenti kapena pa dothi, kutali ndi udzu ndi khomo lotulukira, pali munthu woyang'anira. Musawoloke nalo mtsinje wodzala. Ndipo lakufa musalitaye m'dzala limene amai atenthamo zinyalala.

Za nyali kutsogolo ndi chonyezimira kumbuyo sinditaya nthawi. Mudziwa kale, kungoti simuchita.

Wapampando, ndipempha msonkhano uno ubvomereze zinthu ziwiri. Tilembe kalata kwa khansala wathu ndi kwa phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, kuti apemphe a Malawi Bureau of Standards ayese mabatire ndi matchaja olowa m'dziko muno. Ndiponso amakanika a njinga a m'dera lino tikumane nawo Loweruka likudzali, tipangane kuti asaike mota pa njinga imene mabuleki ndi foloko yake sanaziyese. Onse amene muli ndi njinga zotere mundipatse maina tikamwazikana. Kope ndiri nalo pano.