Kalata ya m'Cingerezi: Ali Kulankhula Ndani?

Lero sindinena za mizere kapena manyowa ai, koma za makalata amene mutumiza ku ofesi ya zaulimi.

Ambiri a inu mukafuna kalata ya m'Cingerezi muitana mwana wa sukulu kuti akulembereni. Nzabwino ndithu. Koma tamvani cimene cinandionekera ine. Tsiku lina tinalandira kalata yonena za mbozi za nchemberezandonda, ndipo munali mau akuti, "They have lost their maize." Ife tinayesa kuti cimanga ca mudzi wonse catha. Ndinasiya nchito zina, ndi kupalasa njinga kufikira dzuwa lili pamutu. Pofika ndinapeza munda umodzi wokha, wa mkulu mmodzi.

Mwanayo sananame. Anali kulemekeza atate ace monga mwa mwambo wathu, pakuti ife timati "atate adandaula" ngakhale ali amodzi. Koma wowerenga Cingerezi akaona "they" aganiza za anthu ambiri. Ulemu saumvamo konse.

Tsono mwana asanagwire colembera, panganani ciyambire kuti wolankhula m'kalatamo ndani. Ngati nkhani ndi yanu, ndipo pansi mudzalemba dzina lanu kapena kudinda cala, mwanayo alembe ngati ndinu: "I" ndiye kuti ine, "my" ndiye kuti canga. Iye wangokubwerekani dzanja. Kusukulu cimeneci acicha "first person."

Koma ngati inu mfumu muli kufotokoza za munthu wa m'mudzi mwanu, pamenepo ndi "third person." Apa pali msampha wina. Mau athu akuti "iye" akwanira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Cingerezi cisiyanitsa: "he" mwamuna, "she" mkazi. Mai wamasiye akalembedwa "he," mlangizi adzafika nafunsa za bambo amene kulibe.

Musasinthenso pakati pa kalata. Ikayamba ndi "I have three cows," nkudzati "he wants medicine," kalaliki adzafunsa kuti munthu waciwiriyu wacokera kuti. Ndipo inu mafumu, "we" musunge kufikira nkhani ya mudzi wonse, imene mwaipangana pabwalo. Ya khola lanu lokha ndi "I."

Cina ndi nthawi. "I planted" ndiye kuti ndinabzala kale. "I will plant" ndiye kuti ndidzabzala. Wopempha mbeu akalemba coyambaco angathe kuikidwa kumbuyo, poyesa kuti zace zinatheka.

Kalata ikatha, mwanayo akuwerengereni mzere ndi mzere, namasulira m'Cicewa inu muli kumva. Akakakamira pena, musamkalipire, ndi mwana ali kuphunzira. Muuzeni angolemba m'Cicewa momwemo, pakuti ife alangizi ticiwerenga bwino lomwe.